Uthenga wa "malo ogulitsirapo atsala ochepa" ndi wabodza

Chilimwe chikafika, mipikisano ya magule ndi zionetsero zamalonda zikayamba m'mizinda ing'onoing'ono ngati Zomba, uthenga uja umatulukiranso m'magulu a WhatsApp. Umati khonsolo ikugawa malo ogulitsirapo, atsala ochepa, tumizani ndalama lero lomwe pa nambala yakutiyakuti.

Limeneli ndi bodza. Khonsolo siitanitsa ndalama pa nambala ya munthu, ndipo mukalipira imakupatsani lisiti. Mitengo yakenso imayamba yakambidwa ndi makhansala, sisintha usiku umodzi.

Uthengawo ukabwera ndi chikalata, onani ngati chili ndi tsiku ndi siginecha, koma chidindo chokha musachikhulupirire, akathyali amachikopera. Pitani nokha ku ofesi ya khonsolo kapena funsani khansala wa dera lanu. Musanatsimikize, chonde musautumize kwa anzanu.