Kobold wofooka uja: kumene mkangano wa pa tebulo unachokera

Chiyambireni chaka cha 2024, pamene masewero a Dungeons & Dragons anakwanitsa zaka 50 ndipo eni ake anayamba kutulutsa mabuku atsopano a malamulo, pali mkangano umene ukukana kuzirala pakati pa ife amene timasewera masewerowa kuno ku Harare. Sitili ambiri. Ndife ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, ndipo timakumana Loweruka masana, sabata ino ku Mufakose, sabata inayo ku Highfield, kulikonse kumene kwapezeka tebulo ndi mipando yokwanira. Chimene tikulimbirana ndi kachilombo kotchedwa kobold. Kodi munthu wofuna kusewera ngati kobold atsate malamulo akale, amene amamupanga kukhala wochepa mphamvu, wamantha ndi woopa dzuwa, kapena atsate atsopano amene anamuchotsera zofooka zonsezo? Akuluakulu akuti wakaleyo ndiye kobold weniweni, pamene achinyamata ena akuti malamulo akalewo anali achipongwe ndipo anachita bwino kuwachotsa.

Kwa amene sanaonepo masewerowa, aliyense amatenga munthu wa m'nthano n'kulemba mphamvu zake pa pepala, mmodzi amakhala woyendetsa nthano yonse ndi adani ake, ndipo chimene munthu wayesa kuchita chimagamulidwa ndi dayisi ya mbali 20. Gary Gygax ndi Dave Arneson atatulutsa masewerowa mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin ku America, kobold anali kale m'katimo. Anamutenga ku nthano za ku Germany, kumene anthu ankakhulupirira kuti kuli timizimu tokhala m'nyumba ndi m'migodi, tovutitsa okumba miyala. M'masewerowo anamuika pansi penipeni pa zilombo zonse. Buku la zilombo la 1977 linamupatsa mapointi a moyo oyambira 1 kulekeza 4, kutanthauza kuti kukantha kamodzi kokha kunali kumutha, ndipo pa chithunzi ankaoneka ngati kagalu ka mamba ndi tinyanga. Ntchito yake inali kufa basi, kuti ongoyamba kumene aphunzirirepo kugwira lupanga. Zaka khumi ndi zitatu zinadutsa zinthu zili choncho, ndipo palibe chambiri choti munthu anene za nyengo imeneyo.

Zinthu zinatembenuka mu November 1987, m'magazini ya Dragon ya nambala 127. Mkonzi wake, Roger E. Moore, ankalandira makalata ofunsa mmene munthu angakonzere nthano yovuta kwa osewera amene anthu awo akula mphamvu kwambiri, ndipo m'malo mopereka mndandanda wa zilombo zikuluzikulu, anasimba zimene zinamuchitikira ali msilikali ku Fort Bragg, ku North Carolina. Kumeneko kunali woyendetsa masewero wina, amene Moore anangomutchula kuti Tucker, yemwe anakonza phanga la nsanjika zambiri zotsikira pansi. Pa nsanjika yoyamba, imene aliyense amayembekezera kuti ndi yosavuta, anaikapo akobold wamba, a mapointi 1 mpaka 4 omwewo, osawawonjezera mphamvu iliyonse. Anthu a m'nthano a osewerawo anali atakwera kufika pa mlingo wa luso wa pakati pa 6 ndi 12, oti pa malamulo akanatha kupha akobold mazana asanatuluke thukuta.

Malinga ndi kusimba kwa Moore, gululo litangolowa pang'ono, akobold anatseka chitseko kumbuyo kwawo n'kuchipiringidza, kenaka anayatsa moto m'njiramo. Makoma anali oboolaboola, ndipo m'mabowomo munkatuluka mivi. Kuseri kwa makomawo kunali tinjira ting'onoting'ono toti munthu wamkulu sangalowemo, mmene akobold ankathamanga, kulasa, n'kubisalanso asanabwezeredwe. Ena ankaponya mabotolo a mafuta oyaka, ena ankakankha milu ya zinyalala zoyaka ndi mitengo yaitali ya chitsulo, iwo atabisala kuseri kwa motowo. Wamatsenga wa gululo, amene mpira wake wa moto ukanatha kuwapsereza onse nthawi imodzi, sanathe kuugwiritsa ntchito chifukwa m'njira yothinayo ukanaotcha anzake omwe. Abulu onyamula katundu anathera pomwepo pamodzi ndi antchito olembedwa ganyu. Otsalawo anathawira m'dzenje lolowera mpweya n'kutsikira ku nsanjika yakhumi, kumene kunali ziwanda, ndipo kumeneko ndiko anapuma, chifukwa ziwanda zinali zosavuta kuposa akobold aja. Chimene chinkawadetsa nkhawa ali pansipo n'chakuti njira yobwerera kunja inali yomweyo.

Nkhani imeneyi tiyenera kuiyeza bwino, chifukwa akuluakulu a gulu lathu amaitchula ngati chigamulo cha khoti. Mboni yake ndi imodzi, Moore yemweyo, amene ankalemba zimene akukumbukira patapita zaka, ndiponso ankalemba mofuna kuseketsa ndi kuphunzitsa, choncho mchere wowonjezera sungalephere kukhalamo. Mawu a Tucker mwiniwake mulibemo. Chachiwiri, ndipo ichi achinyamata amachigwira molondola, akobold a Tucker anali ambiri, anali kwawo, ndipo ankayendetsedwa ndi munthu yemwe anajambula yekha makoma ndi mabowo onsewo. Wosewera amene watenga kobold mmodzi n'kumayenda naye m'dziko la eni alibe chilichonse mwa zimenezi. Komabe zotsatira za nkhaniyo n'zosakanika. Kuyambira pamenepo anthu anasiya kuona kobold ngati chinthu chongoyembekezera lupanga, ndipo kufooka kwake kunasanduka chifukwa chomveka chimene amatcherera misampha, kukumba tinjira ndi kusayenda yekha. Ife amene tinakula tikumva nthano za Kalulu sitifunika kuuzidwa kawiri kuti wamng'ono akapanda nzeru nthano imathera pa chiyambi pomwe.

Zotsatirazo zinabwera mofulumira. Mu 1988 buku la The Orcs of Thar linalola munthu kusewera ngati kobold, ndipo mu 1993 The Complete Book of Humanoids inachita chimodzimodzi. Malamulo atasindikizidwa kachitatu mu 2000, TSR itagulidwa kale ndi kampani ya Wizards of the Coast mu 1997, kagalu kaja kanasanduka kabuluzi kolankhula chinenero cha zinjoka ndi kodzitama kuti ndi mbale wawo. Chaka chomwecho nthano ya The Sunless Citadel inabweretsa Meepo, kobold wolira chifukwa kamwana ka chinjoka kamene ankasunga kabedwa, ndipo magulu ambiri m'malo momupha anamutenga n'kuyenda naye. Mu 2003 anthu osewera Neverwinter Nights pa kompyuta anakumana ndi Deekin, kobold woimba. Pa malamulo a nthawi imeneyo kobold ankachotseredwa mapointi 4 pa mphamvu za thupi ndi 2 pa kupirira, koma anthu ankamusankhabe.

Kobold amene tikukanganirana ndi wa m'buku la Volo's Guide to Monsters la 2016. Msinkhu wake sudutsa mapazi atatu. Amawonjezeredwa 2 pa changu, amachotseredwa 2 pa mphamvu, amaona mumdima mpaka mapazi 60, koma akakhala pa dzuwa amaponya madayisi awiri n'kutenga yotsika. Posinthana ndi zimenezi anapatsidwa lamulo lotchedwa Pack Tactics, lakuti mnzake akakhala pafupi ndi mdani amene akumukantha, iye amaponya madayisi awiri n'kutenga yokwera. Apa ndi pamene masamu amaikira kumbuyo akuluakulu. Kuchotseredwa 2 pa mphamvu kumatsitsa dayisi ndi 1 yokha, ndiye kuti mwayi watsika ndi 5 pa 100, ndipo ngakhale pamenepo kobold wogwira uta kapena mpeni sadalira mphamvu koma changu. Kuponya kawiri kuli ndi phindu lalikulu zedi: pamene munthu wamba ali ndi mwayi wa 50 pa 100 wokantha mdani, kobold amakhala ndi 75 pa 100, ndipo mwayi wogwetsa 20 umakwera kuchoka pa 5 kufika pafupifupi 10 pa 100. Ngakhale masana sataya zonse, chifukwa malamulo amati kuponya kawiri kwabwino ndi kuponya kawiri koipa zikakumana zimafafanizana, choncho kobold amene ali ndi mnzake pa dzuwa amangofanana ndi wina aliyense.

Phindu lenileni silili m'masamumo ayi, koma m'mene pepala limakakamizira munthu kusewera. Ndaona mtsikana wina wa m'gulu lathu, wamng'ono mwa onse, atagwira dayisi m'manja osaiponya, akuyang'ana mapu amene tinajambula kuseri kwa kalendala yakale, tizitsekerero ta mabotolo tikuimira adani. Sakanatha kuthamangira kutsogolo ngati mmene amachitira amene atenga zimphona. Ankayembekeza, n'kunena kuti, “Achimwene, sunthirani pafupi ndi uyo wa kukhomoyo kuti ine ndiponye kawiri.” Mkulu amene ankauzidwayo, yemwe nthawi zonse amamenya nkhondo yakeyake, anayamba kufunsa kaye asanasunthe. Wosewera kobold ndi amene amafunsa ngati ulendo ungayambe dzuwa litalowa, ngati pali chingwe, mafuta a nyale kapena mpata woti munthu wamng'ono angakwawiremo, ndipo mafunso oterowo amapatsa woyendetsa nthano zinthu zoti amangepo. Palinso lamulo lina limene ambiri amaliseka, lakuti kobold angathe kudzigwetsa pansi, kunjenjemera ndi kupempha chifundo, kuti adani amene ali mkati mwa mapazi 10 atangwanike naye ndipo anzake aponye kawiri. Iye mwini sapindula kanthu pa nthawiyo, amangodziika pangozi. M'masewero amene aliyense amafuna kukhala ngwazi, n'zosowa kupeza lamulo lolembedwera kuti ena awale.

Achinyamata sakutsutsa masamuwo. Dandaulo lawo lili pena, ndipo si lopepuka. Mu June 2020 Wizards of the Coast inalengeza kuti ikuunikanso mmene mabuku ake amafotokozera mitundu ya anthu a m'nthano, makamaka a orc (mtundu waukali wokonda nkhondo) ndi a drow (mtundu wa khungu lakuda wokhala pansi pa nthaka), chifukwa mafotokozedwewo ankafanana ndi mmene mitundu yeniyeni ya anthu inkanyozedwera. Chaka chomwecho inakonza buku la 2016 lija n'kuchotsa 2 amene ankachotseredwa kobold pa mphamvu, pamodzi ndi 2 amene ankachotseredwa orc pa nzeru. Kwa mnyamata wobadwira ku Mbare, amene agogo ake anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, amene anamva anthu akwawo akutchedwa mabwidi ndipo anaona chitupa cha amayi ake chitalembedwa kuti ndi mlendo mpaka malamulo a dziko a 2013 atakonza nkhani ya unzika, pepala lonena kuti mtundu wakutiwakuti umabadwa wochepa silikhala nthabwala. Lamulo lopempha chifundo lija ndilo limawawawa kwambiri, ndipo amafunsa chifukwa chimene mtundu wonse uyenera kukhala ndi luso logwada. Akuluakulu amayankha kuti kuchepa mphamvu kwa kanyama kolemera mapaundi osapitirira 35 ndi nkhani ya thupi, yosiyana ndi kunena kuti mtundu wina ndi wopanda nzeru, ndiponso kuti kugwadako ndi chinyengo cha pa nkhondo chimene wosewera amasankha yekha. Yankho limeneli likumveka kwa ine pa nkhani ya mphamvu, ngakhale pa nkhani yogwada silikufika pomwe pakupweteka.

Mu 2022 buku la Monsters of the Multiverse linamaliza ntchitoyo. Kuopa dzuwa kunachotsedwa, kugwada kunalowedwa m'malo ndi kufuula ngati chinjoka, kumene kumapatsa kobold ndi anzake mwayi woponya kawiri kangapo patsiku, ndipo Pack Tactics inachotsedwanso. Ena amati inachotsedwa chifukwa inali yamphamvu mopitirira pamene zofooka zolipirira zachoka, ndipo masamu aja akugwirizana ndi maganizo amenewa. Chimene chinatsala ndi kobold wosanyozeka, wotha kuyenda masana, wotha kukhala msilikali wa lupanga ngati wina aliyense, koma amene safunikiranso kupempha mnzake kuti asunthe. Buku la osewera la 2024 linasamutsiratu mapointi owonjezera kuchoka ku mtundu wa munthu kupita ku mbiri ya moyo wake, ndipo pa mitundu khumi imene ili m'menemo kobold palibe. Kuno mabuku otere amagulidwa ndi madola a ku America ndipo amachita kuitanitsa kunja, choncho buku la 2016 likadali pa matebulo athu, chikuto chitamatidwa ndi selotepi, pamene kwina anthu analisiya kalekale. Mwina n'chifukwa chake mkangano umene kwina unatha kuno ukadali wamoyo.

Buku la zilombo la 2025 lawonjezera nkhuni pa motowo. M'menemo kobold wakwezedwa n'kuwerengedwa m'gulu la zinjoka, koma akadali pakati pa zilombo zofooka kwambiri, akuopabe dzuwa, ndipo Pack Tactics akadali nayo. Ndiye kuti akobold amene woyendetsa nthano amatuma kudzamenya gulu ali ndi luso limene kobold wa wosewera analandidwa, ngakhale onse ndi a mtundu umodzi. Akuluakulu akuti ichi chikusonyeza kuti eni masewerowo akudziwa kobold weniweni. Achinyamata akuti chilombo ndi munthu wa wosewera sizinalembedwepo ndi muyezo umodzi. Pakali pano amene amayendetsa nthano zathu akulola mitundu yonse iwiri, pokhapokha munthu atenge pepala limodzi lathunthu, ndipo akukana pempho la amene akufuna Pack Tactics ya 2016 popanda kuopa dzuwa.