Patani izibwereza yokha, kapena tiilumikize ndi inzake?

Achinyamata ambiri amene amabwera ku situdiyo kuno ku Nkhotakota amatha kale kupanga biti yokoma ya masekondi awiri. Mutu umawaima akafuna kuti masekondi awiriwo asanduke nyimbo yathunthu.

Sequencer ndi makina amene amasunga kamenyedwe, kuti ng'oma yakutiyakuti ilire pa nthawi yakuti. Ambiri ali ndi mabatani 16 ondandalikana kutsogolo, kapangidwe kamene kanatchuka ndi makina a ng'oma a Roland TR-808 a mu 1980. Batani lililonse ndi sitepe imodzi, ndipo masitepe 16 pamodzi ndiwo patani. Pa liwiro la 120 BPM, ndiko kuti kugunda ka 120 pa mphindi, patani imeneyi imatenga masekondi awiri okha. Nyimbo ya mphindi zinayi imafuna kuti patani ilire ka 120.

Mukangowasiya, makina akafika pa sitepe ya 16 amabwerera pa yoyamba, osaleka mpaka mutawaimitsa. Imeneyo ndiyo loop. Chain ndi pamene mwawauziratu mndandanda wa mapatani. Tinene kuti vesi ndi ya mapatani asanu ndi atatu: patani A ilire kasanu ndi kawiri, kenako B kamodzi, yokhala ndi kakusintha ka snare (ng'oma yaing'ono yolira mokuthwa) kumapeto kodziwitsa oimba kuti kolasi yafika, ndiye C, patani ya kolasiyo, ilowe. Musavutike kupanga B kuchokera poyamba. Koperani A, musinthe masitepe anayi omaliza basi.

Pojambula nyimbo, chain ndi yabwino kwambiri, poti mavesi ndi makolasi anawerengedwa kale. Koma ku tchalitchi kapena pa ukwati ine ndimailetsa. Wotsogolera kwaya akaona kuti anthu alowa m'nyimbo amabwereza kolasi, ndipo pa pelekanipelekani palibe amene angadziwiretu kuti mzere wa azakhali utha liti. Makina sayang'ana nkhope za anthu. Chain idzalowa mu vesi yachitatu mpingo udakali pa kolasi, ndipo manyazi ake amagwera woimba kiyibodi. Pamalo otere siyani patani pa loop, muzisintha ndi chala. Makina ambiri, mukadina patani yotsatira, amadikira kuti imene ikulirayo ithe kaye, choncho muli ndi mpata wodiniratu osaopa kudula nyimbo pakati. Amene anazolowera Main A mpaka Main D pa makiyibodi a Yamaha PSR amachita kale zofanana ndi zimenezi.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi nambala ya 16 ija. Makinawa amabwera atatcheredwa kuti kugunda kulikonse kugawike panayi. Koma nyimbo zathu zambiri, makolasi a ku mapemphero ndi zovina za amayi kumudzi zomwe, kugunda kwake kumagawika patatu, moti kuzungulira kumodzi kumafuna masitepe 12. Mukaiumiriza nyimbo yotere m'masitepe 16, imamveka ngati munthu amene wavala nsapato za mwini wake: akuyenda ndithu, koma motsimphina. Ndamvapo makwaya oimba bwino akusintha kaimbidwe kawo kuti agwirizane ndi makina, ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa kukonza kwake n'kwa mabatani awiri. Pa Roland TR-909 ndi TR-8 alembapo LAST STEP ndi SCALE. Loyambalo limafupikitsa patani kuti ithere pa sitepe ya 12. Lachiwirilo limachititsa kuti kugunda kumodzi kukhale ndi masitepe atatu. Mukaiwala lachiwirili, patani yanu idzakhala ya kugunda katatu m'malo mwa kanayi, ndipo oimba adzasokonekera polowa.

Chenjeraninso mukalumikiza makina awiri ndi chingwe cha MIDI, chimene makina oimbira amatumizirana nacho malangizo. Amodzi okha ndiwo azilamula liwiro, enawo azitsatira. Ndipo ngati masitepe awo ndi a liwiro lofanana, koma ng'oma zili pa 12 pamene besi ili pa 16, ziwirizi zidzayambiranso limodzi pakatha masitepe 48, ng'oma zitazungulira kanayi, besi katatu. Ena amachita dala zimenezi kuti nyimbo isatopetse, ndipo zimakoma. Kwa amene akungoyamba kumene, ndi bwino mapatani onse a mu chain imodzi akhale a utali umodzi, ndipo muziwasunga mukangomaliza iliyonse, chifukwa pa makina ambiri magetsi akathima zosasungidwa zimafufutika.