Kumvetsa nambala ya Gleason pa zotsatira za khansa ya prostate

Dokotala akakayikira khansa ya prostate, kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna, amatenga tinyama tating'ono ndi singano n'kutumiza ku labotale. Zotsatira zimabwera ndi nambala: Gleason 6, 7, 8, mpaka 10. Bambo akaona 6, mtima umagunda poganiza kuti matenda apitirira kale theka. Si choncho ayi. Masiku ano 6 ndiyo nambala yotsikitsitsa imene akatswiri amalemba pa tinyama totere.

Kawerengedwe kameneka anakayambitsa ndi Donald Gleason, dokotala wa pachipatala cha asilikali opuma ntchito ku Minneapolis, m'dziko la America, ndipo anakafalitsa mu 1966. Iye ankayang'ana pa maikulosikopu momwe timatumba ta m'prostate takhalira. Timatumba tozungulira bwino, kalikonse pakokha, ankatipatsa nambala yotsika. Tikayamba kumatirirana nambala inkakwera, mpaka 5 pamene maselo angomwazikana osapanganso timatumba. Ankaphatikiza manambala awiri, ya maonekedwe ochuluka kwambiri ndi ya otsatira, choncho zotsatira zinkayambira pa 2 mpaka 10.

Mu 2005, bungwe la akatswiri opima minofu la ISUP linagwirizana zosintha malamulowa. Linati manambala otsika kwambiri, 2 mpaka 4, asamaperekedwenso pa tinyama ta singano, chifukwa prostate yonse ikachotsedwa nthawi zambiri khansa inkapezeka yoposa pamenepo. Maonekedwe ena amene kale ankawerengedwa 3 anakwezedwa kukhala 4. Ndiye kuti kanyama kamene kale kanalembedwa 6 lero kakhoza kulembedwa 7, matenda ali omwewo. Musayerekeze pepala lanu ndi la bambo anu la zaka za m'ma 1990 n'kumati zanu zaipa kuposa zawo.

Panatsalabe vuto la nambala 7. Ikhoza kukhala 3+4 kapena 4+3, ndipo ziwirizi sizofanana: mu 4+3 maselo oopsa ndiwo achuluka, ndipo khansa imabwereranso kawirikawiri munthu atalandira chithandizo. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, wotsogozedwa ndi Jonathan Epstein, anasonyeza kuti ndi bwino kuika odwala m'magulu asanu. ISUP inavomereza zimenezi pa msonkhano wa ku Chicago mu 2014, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linazilandira mu 2016. Gulu 1 ndi Gleason 6, gulu 2 ndi 3+4, gulu 3 ndi 4+3, gulu 4 ndi 8, ndipo 9 ndi 10 zili m'gulu 5. Papepala mudzaona palembedwa Grade Group kapena ISUP.

Kusinthaku n'kothandiza kwambiri. Khansa ya gulu 1 imakula pang'onopang'ono, ndipo ambiri samafunika opaleshoni msanga. Dokotala amangowayang'anira powapima magazi nthawi ndi nthawi kuti aone kuchuluka kwa PSA (puloteni yopangidwa ndi prostate), n'kubwereza kutenga tinyama pakafunika. Opaleshoni yosafunikira ikhoza kusiya munthu akudontha mkodzo kapena atachepa mphamvu m'banja. Koma gulu 4 ndi 5 si zozengereza nazo.

Mukalandira zotsatira, funsani manambala onse awiri, osati ophatikiza okha, komanso gulu lanu. Funsaninso kuti mwa tinyama tonse totengedwa, ndi tingati tapezeka ndi khansa. Sungani pepalalo, mukalionetse kulikonse kumene mungatumizidwe.