Mmene mkangano wa gogodela unayambira pakati pa alenje a ku America

Chaka chilichonse Khirisimasi ikangodutsa, m'nkhalango za m'chigawo cha Pennsylvania ku America mumalowa alenje onyamula gogodela weniweni. Mlenje amathira wonga kukamwa kwa mfuti, n'kuika chipolopolo cha mtovu chokulunga m'kansalu, kenako n'kugogoda ndi ndodo mpaka chikhazikike pansi. Moto umachokera ku kamwala kotchedwa flint, kamene kamakhula chitsulo n'kugwetsera mbaliwali pa wonga. Nyengo yosaka ndi mfuti ya mwalayi inayamba mu 1974, ndipo mpaka lero lamulo lake silinagwedezeke pa mfundo yaikulu: mfuti ikhale ya mwala, ndipo isakhale ndi galasi lokuza zinthu. Koma m'zigawo zambiri za dzikolo, mfuti imene imalowa m'tchire pa "nyengo ya gogodela" masiku ano ndi ina ndithu, ndipo alenje akhala akukokanakokana pa nkhaniyi kwa zaka pafupifupi 40.

Gogodela si mlendo kwathu kuno. Anabwera ndi amalonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800, ndipo oteteza nyama ku Malawi ndi ku Zambia amalandabe mfuti zotere kwa opha nyama mozemba. Ku America mbiri yake inayenda njira ina. Amisiri ochokera ku Germany amene anakhazikika m'dera la Lancaster, ku Pennsylvania, ankasula mfuti zazitali za mwala m'zaka za m'ma 1700. Pambuyo pake kunabwera kachipewa ka mkuwa koyatsira wonga, kochokera ku luso limene m'busa wa ku Scotland, Alexander Forsyth, analembetsa mu 1807. Jacob ndi Samuel Hawken a ku St. Louis anatchuka ndi mfuti zonyamulidwa ndi alenje a m'mapiri a kumadzulo. Nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 itatha, mfuti zolowetsa chipolopolo chakumbuyo zinafalikira ndipo gogodela anatayidwa. Anangotsala ndi anthu ochepa omukonda, amene mu 1933 anayambitsa bungwe la National Muzzle Loading Rifle Association, lomwe likulu lake lili ku Friendship, m'chigawo cha Indiana.

Chimene chinadzutsa gogodela ndi kukonda zakale. Mu 1970 kampani ya Thompson/Center inayamba kugulitsa mfuti yotengera dzina la Hawken pa mtengo woti munthu wamba akhoza kukwanitsa, ndipo pofika 1976, pamene dzikolo linkakondwerera zaka 200 za ufulu, ambiri ankafuna kulawa mmene makolo awo ankasakira. Agwape nawonso anali atachulukanso, atatsala pang'ono kutheratu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Magulu a okonda gogodela anapempha maboma a zigawo kuti awapatse masiku awoawo, osasakanikirana ndi chikhamu cha onyamula mfuti zamakono.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Akuluakulu oyang'anira nyama anavomera chifukwa mfutiyo inali yofooka. Imawomba kamodzi kokha, kuidzazanso kumatenga nthawi, mvula ikangonyowetsa wonga imakana kulira, ndipo munthu woloza ndi maso ake sankayembekeza kulasa bwino kupitirira mamita 100. Alenje otere akanapha nyama zochepa, choncho kuwapatsa masiku apadera sikukanawononga kanthu. Kuvuta kwa mfutiyo ndiko kunali malipiro a masikuwo. M'chigawo cha Colorado nyengo ya gogodela imagwa mu September, nthawi imene nyama zazikulu zotchedwa elk zimakhala zikukwerana. Zamphongo zimalira mokweza n'kuiwala kuchenjera. Palibe amene akanapereka masiku amtengo wapatali chotere kwa munthu wonyamula mfuti yofika kutali.

Mu 1985 mmisiri wa ku Missouri, Tony Knight, anatulutsa mfuti yotchedwa MK-85. Ankaidzazabe chakukamwa, motero malinga ndi mawu a lamulo inali gogodela. Koma kachipewa koyatsira kanachoka pambali n'kupita kumbuyo kwenikweni kwa wonga, mu mzere umodzi ndi mpope, n'chifukwa chake mtundu umenewu umatchedwa inline. Moto unkafika msanga, kukana kulira kunachepa, ndipo mfutiyo inkaoneka ndi kugwirika ngati yamakono, yosavuta kumangirira galasi lokuza zinthu lotchedwa scope. Zina zinatsatira mofulumira. Wonga wa Pyrodex, wolowa m'malo mwa wonga wakuda, unayamba kugulitsidwa uli m'timibulu toyezeratu, tongoponya mumpope. Kunabwera zoyatsira za 209, zobwerekedwa ku zipolopolo za mfuti za mtundu wa shotgun, zotentha kwambiri. Kunabweranso sabot, kachikho ka pulasitiki kofungatira chipolopolo chaching'ono kuti chithamange kwambiri. Kampani ya Savage inafika popanga mfuti yotha kugwiritsa ntchito wonga wosafuka utsi. Kulasa gwape pa mamita 200 kunasanduka chinthu wamba.

Okonda zakale anadandaula kuti alandidwa chimene anavutikira. Iwo ndi amene anayenda m'maofesi kupempha nyengoyo, koma tsopano tchire linadzaza ndi anthu opanda chidwi ndi mbiri, ongofuna masiku owonjezera. Enawo anayankha kuti mfuti yawo imawombabe kamodzi, ndipo yolasa molunjika imapha msanga m'malo mosiya nyama ikuthawa ndi bala. Mfundo yachiwiriyi ndi yolemera ndipo siyenera kupeputsidwa. Alenje okalamba anawonjezera yawo: maso akafooka, munthu satha kuona bwino tizitsulo tolozera, ndiye kuletsa scope n'kuwathamangitsa m'tchire. Dandaulo limeneli linathandiza kuti zigawo zambiri zilole magalasi.

Chinagamula mkanganowu m'malo ambiri si mbiri kapena chilungamo, koma kuchuluka kwa nyama. Kum'mawa ndi m'katikati mwa dzikolo agwape amtundu wa white-tailed achulukitsa. Amadya mbewu m'minda, amamaliza timitengo tophuka m'nkhalango, amagundidwa ndi magalimoto. Oyang'anira nyama kumeneko amafuna kuti aphedwe ambiri, makamaka aakazi, ndipo ndalama za ziphaso ndi zimene zimayendetsa maofesi awo. Kwa iwo inline inali mthandizi. Mississippi ndi Louisiana zinapitirira pamenepo mpaka kulola mfuti zina zowomba kamodzi zolowetsa chipolopolo chakumbuyo pa nyengo imene dzina lake limanenabe za zida zakale. Ngakhale Pennsylvania yomwe ija inatsegula sabata ina mu October, yosaka agwape opanda nyanga, imene inline imaloledwa.

Kumadzulo zinthu n'zosiyana. Malo ndi oyera, munthu amaona patali, ndipo agwape a mtundu wa mule deer sakuchuluka. Ziphaso zambiri zimaperekedwa mwa maere, ena amadikira zaka. Mlenje aliyense akamapha mosavuta, boma liyenera kuchepetsa ziphaso kapena masiku. N'chifukwa chake Colorado imaletsa scope, sabot, timibulu ta wonga ndi wonga wosafuka utsi pa nyengo ya gogodela, ngakhale inline yeniyeniyo imaloledwa. New Mexico inachotsa ma scope pa mfutizi kuyambira mu 2023. Utah inali italola magalasi okuza mu 2016, koma inabwerera m'mbuyo kuyambira mu 2024 itaona kutalika kumene alenje ankawombera.

Ine ndikuona kuti akumadzulowa ndi amene agwira pamene pali vuto. Kukangana za malo amene kachipewa kakhala, pambali kapena kumbuyo, kunadya zaka zambiri pachabe. Chimene chimasintha ulenje ndi mtunda umene munthu angaphere, ndipo mtundawo umabwera ndi galasi komanso chipolopolo. Mlenje wokakamizika kuyandikira gwape pa mamita 70 ayenera kudziwa kumene mphepo ikulowera ndi mmene angakwawire osamveka. Wowombera pa mamita 300 safuna zambiri za zimenezo, ndipo sindikuona chifukwa chomupatsira masiku amene anapatulidwira munthu woyamba uja. Za nyama zovulazidwa, galasi si mankhwala okwanira, popeza limakopanso munthu kuwombera kutali kuposa luso lake.

Zigawo zina zasankha kungogawa masiku. West Virginia inayambitsa Mountaineer Heritage Season mu January 2019, masiku anayi a gogodela wachikale ndi mauta achikale. Montana inakhazikitsa mwa lamulo nyengo yake mu 2021, masiku 9 mu December, ya chipolopolo cha mtovu ndi zolozera zachitsulo zokha. Komatu masiku amenewa amagwa m'chisanu choopsa, nyama zitasakidwa kale miyezi ingapo.

Amakampani nawo sanakhale chete. Mu 2020 kampani ya Federal inatulutsa FireStick, kachubu ka pulasitiki kodzaza kale ndi wonga kamene kamalowetsedwa chakumbuyo, chipolopolo chokha n'chimene chimadzera kukamwa. Zigawo zinayambanso kuunika malamulo awo, chilichonse pachokha, kuti zione ngati mfuti yolandira wonga chakumbuyo ingawerengedwe m'gulu la gogodela. Zambiri zavomera, ndipo zina zikukanabe.