Mitu yathu imagwira chinenero mosiyana, koma osati m'njira imene ambiri timaganizira

Pa ntchito yanga yophunzitsa zinenero, makolo amakonda kundiuza kuti, "Mwana wangayu amamva akaona ndi maso, za makutu sizimulowa." Amanena ndi mtima wofuna kuthandiza, ndipo mbali ina akunena zoona. Koma pamene aloza kuti ndi pomwe pali kusiyana, si pamenepo.

Kusiyana kulipodi. Mu 1973 wofufuza wina, Katherine Nelson, atatsatira ana ongoyamba kulankhula, anaona kuti ena amayamba ndi mayina a zinthu, liwu limodzilimodzi, pomwe ena amatola mawu ochezera athunthu monga anawamvera, asanadziwe n'komwe kuti muli mawu angati. Onsewo amadzalankhula bwinobwino. Akulu nafenso tili choncho: wina satsegula pakamwa asanamvetse lamulo la chiganizo, wina amangolowa m'macheza n'kumakonza zolakwa ali m'njira.

Ofufuza ena, John Carroll ndi Stanley Sapon, pokonza mayeso awo a luso lophunzira zinenero amene anatuluka mu 1959, anapeza kuti lusoli si chinthu chimodzi. Muli kugwira kamvekedwe ka mawu achilendo n'kukasunga, kuzindikira ntchito ya liwu m'chiganizo, kuloweza msanga, komanso kutulukira lamulo poona zitsanzo. Munthu akhoza kuwala pa chimodzi n'kumakwawa pa chinzake.

Choyambacho, kugwira kamvekedwe ka mawu n'kukasunga, ndi chimene ndimachiona kwambiri m'kalasi. Mukauzidwa nambala ya foni mulibe polemba, mumaibwereza chamumtima kuti isathawe. Alan Baddeley ndi Graham Hitch anafotokoza za kukumbukira kwa kanthawi kotereku mu 1974, ndipo mbali yake yosunga mawu imagwira zimene munthu anganene m'masekondi pafupifupi awiri okha. Pambuyo pake Baddeley ndi Susan Gathercole anaona kuti ana amene amabwereza bwino mawu opeka, opanda tanthauzo, amatolanso msanga mawu atsopano. Ndiye wophunzira akamakupemphani kuti mubwereze kachitatu, musafulumire kumutcha waulesi kapena wosamvetsera. Mwina chiganizo chanu chatha iye chiyambi chitamuthawa kale. Chiduleni, lankhulani mwachifatse, mulole achinene yekha mokweza. Zimandipweteka ndikaganiza ana amene anasiya kuyesa chifukwa cha kanthu kosavuta kukonza ngati kameneka.

Nanga zoti uyu ndi wa maso, uyo wa makutu? Mu 2008 Harold Pashler ndi anzake anasanthula kafukufuku amene analipo, kufuna kuona ngati munthu amakhozadi bwino akaphunzitsidwa m'njira imene amati ndi yake. Umboni wokwanira sanaupeze. Anthu ali nazo njira zimene amakonda, zimenezo n'zoona, koma kukonda njira si kupindula nayo. Chimene chimalamula ndi phunzirolo. Katchulidwe kamafuna khutu ndi lilime, kalembedwe kamafuna diso ndi dzanja, ndipo mwana amene tamuuza kuti ndi wa maso tamupatsa chifukwa chothawira kumvetsera, pomwe chinenero sichilowa popanda kumva.

Ine ndimayamba ndi kufufuza pamene wophunzira akukodwa. Wokonda malamulo ndimamupatsa lamulo lake, kenako ndimamukankhira m'macheza, alakwitse ndithu. Wotola ziganizo zathunthu ndimamusiya azigwiritse ntchito, tsiku lina n'kukhala naye pansi kuphwanya chimodzi, aone mawu amene wakhala akunena osawadziwa.