Kanyongolotsi ka m'dzino

Agogo ena ochokera ku Dómue anafika kuchipatala kuno ku Ulongwe atamanga mpango kuzungulira chibwano. Tisanamalize n'komwe moni anati, "Adokotala, mundichotsere kanyongolotsi kali m'dzinomu, usiku sikagona." Nditalizula anapempha kuti alione. Analitembenuza pachikhatho, n'kuloza kaulusi kolendewera kunsonga ya muzu: "Si aka!"

Kameneko kanali kamtsempha. Koma sindinawaseke, poti maganizo amenewa ndi akalekale. Ku Mesopotamia anachita kulemba pamapale a dongo za nyongolotsi yoboola mano. Ku Ulaya kunali akathyali amene ankafukiza wodwala njere za chitsamba china chotchedwa henbane. Njerezo zikaphulika ndi moto, tizidutswa take toyera tinkagwera m'mbale ya madzi, iwo n'kumati nyongolotsi zija zatuluka, lipirani.

Dokotala wa ku France, Pierre Fauchard, anatsutsa za nyongolotsiyi m'buku lake la 1728, n'kuloza chala shuga. Munthu yemweyo ankalangizanso anthu kuchukucha m'kamwa ndi mkodzo wawo m'mawa, choncho si zonse zimene tinatengera kwa iye. Mu 1890 dokotala wa mano wa ku America, Willoughby Miller, anafotokoza zimene timaphunzitsa mpaka lero: tizilombo tosaoneka ndi maso timadya shuga wotsalira m'mano n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amasungunula chikuto choyera cha dzino. Chikuto chimenechi n'cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi, komabe fupa likathyoka limalumikizana, pomwe dzino likabooka silidzitseka lokha. N'chifukwa chake mwana woyamwa switi pang'onopang'ono tsiku lonse amandidetsa nkhawa kuposa amene wadya kamodzi pa nkhomaliro n'kutsuka m'kamwa.

Nkhani imene imandisangalatsa ndi ya George Washington, pulezidenti woyamba wa America. Polowa upulezidenti mu 1789 anali atatsala ndi dzino lake limodzi lokha mwa mano 32 a munthu wamkulu. Ambiri amati ankavala mano a mtengo, koma si zoona. Ena mwa mano ake oikirira anasemedwa kuchokera ku mano a mvuu, mtundu womwewu umene asodzi a pa nyanja ya Cahora Bassa amauthawa ndi mabwato. Ndikamawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel ndimaikumbukira nkhaniyi.

Mswachi wa nayiloni ndi wa dzulodzuloli, unayamba kugulitsidwa mu 1938. Muzu wa mulala umene amayi amatafuna mpaka milomo kufiira ndi wakale kwambiri, ndipo umatsuka ndithu ngati munthu afikitsa ku mano a kumapeto, kungoti ulibe fluoride, mankhwala olimbitsa mano amene amaikidwa m'mankhwala otsukira mano a m'sitolo.

Agogo aja dzino lawo anakulunga pakona ya chitenje, amvekere akawaonetse anzawo kumudzi.