Manda akale a pabanja: lembani kaye, kulambula kubwere pambuyo

Pa ntchito yoyeza ndi kulemba malo akale, manda omwe amativuta kwambiri si aja akhala zaka 50 osapondako munthu ayi. Ovuta ndi omwe abale amtima wabwino anafikako kale ndi zikwakwa ndi makasu. Atchetcha, asalaza, miyala yomwe imaoneka ngati yangomwazikana aiunjika pakona, zinyalala ayatsa moto. Pamaoneka bwino ndithu koma ndekuti umboni wapita, poti miyala yopanda zilembo ija nthawi zambiri ndi imene imasonyeza kumutu ndi kumiyendo kwa munthu amene banja lake linalibe ndalama ya chiliza, ndipo mwala ukangosunthidwa basi palibenso angaubwezere pamalo pake enieni.

Ndiye tsiku loyamba pitani ndi kope, pensulo, tepi yoyezera ndi foni basi. Ngati malowo pano ali m'manja mwa munthu wina, pemphani kaye. Yendani pang'onopang'ono mukuyang'ana pansi. Bokosi likawola dothi limatitimira, ndiye manda akale ambiri mtumbira unatha kalekale, chotsala ndi kadzenje kosaya kotalika pafupifupi mamita awiri. Masana simungakaone, koma mmamawa kapena madzulo dzuwa likapendeka chithunzithunzi chimagwera mkati ndipo mumangodabwa mizere yonse yatulukira. Manda ambiri a akhristu amagona kummawa ndi kumadzulo, a asilamu amakumbidwa mwakuti nkhope iloze ku Mecca, ndiye mukapeza awiri atatu mumadziwa kale kuti ena muwafune mbali iti. Kuzika chitsulo pansi kuti mumve ngati pali manda, ayi chonde. Pali makina a GPR omwe amaona pomwe dothi linakumbidwapo osakumba, koma amafuna katswiri ndipo dzina sangakuuzeni.

Mapu ndi pomwe anthu amadalira foni mopitirira. GPS ya pafoni imaphonya ndi mamita 5 olo kuposa, pansi pa mitengo ndiye zimanyanya, pomwe manda amatalikirana mita imodzi yokha, ndekuti pamapu panu agogo atha kupezeka agona pa manda a mlamu wawo. Foniyo igwire ntchito yosonyeza pomwe pali manda onsewo. Za mkatimo khomani zikhomo ziwiri, kokani tepi pakati pake, ndiye manda aliwonse mulembe manambala awiri: ali pa mita yachingati motsata tepiyo, komanso atalikira bwanji kumanja kapena kumanzere. Kuti ngodya ikhale yowongoka gwiritsani ntchito 3, 4, 5 ija ya amisiri omanga nyumba: mbali imodzi ikakhala mamita 3, ina 4, ndipo pakati pa nsonga zake pali 5, ndekuti ngodyayo yawongoka. Ikani muvi woloza kumpoto, manda aliwonse apatseni nambala, olo opanda dzina, ndipo nambalayo muilembe pa kakhadi kuti izioneka pa chithunzi chilichonse. Jambulani kutsogolo, kumbuyo ndi mmbali, nthawi zina dzina la mmisiri wosema limakhala kumunsi.

Zilembo zikafufutika mtima umathamangira kupala. Bulashi ya waya imachotsa ndere limodzi ndi nkhope ya mwalawo. Bulichi amayeretsa lero koma amasiya mchere mkati womwe umadzasweka nawo mwala patsogolo. Choko, ufa, thovu lometera ndevu, zomwe ena amapaka kuti zilembo zioneke, zonsezi zisiyeni. Mwala wa marble ndi wofewa, asidi aliyense amamudya, mukamusisita ndi chala nkumva timchenga tikuyoyoka ngati shuga dziwani kuti wayamba kale kutha, ndipo chiliza cha simenti chomwe chikusendeka kapena kulira ngati mkati muli mphako musachikhudze nkomwe. Mwala wa granite ndiye umapirira. Mwala ukakhala wolimba, madzi oyera ndi bulashi yofewa zakwana.

Koma chomwe chimagwira ntchito kuposa zonsezi ndi galasi loyang'anira wamba. Wina aime pambali alandire dzuwa ndi galasilo nkuliponya pa mwala chammbali, kuwala kuzingokhudza pamwamba, ndiye timizere tomwe maso samationa timadzaza mthunzi ndipo dzina lomwe mumati linatha limawerengeka. Kukachita mitambo tochi yamphamvu imachita chimodzimodzi.

Polemba, koperani zomwe zili pamwalapo ndendende, mzere ndi mzere, olo dzina analilemba molakwika musakonze. Pomwe simukuona bwino ikani funso, 3 ndi 8 komanso 1 ndi 7 amasokoneza kwambiri akafufutika. Ndipo musamati poti zalembedwa pamwala ndiye zoona. Ziliza zambiri zimamangidwa patapita zaka munthu ataikidwa, chaka chobadwa wina anangochiganizira. Nchifukwa chake ine ndimafuna magawo atatu osiyana mu kope: zomwe mwala ukunena, zomwe mabuku a tchalitchi kapena zikalata zikunena, ndi zomwe akuluakulu anena, ndi dzina la wonenayo ndi tsiku lake. Zikatsutsana zisiyeni zitsutsane pomwepo, wodzawerenga adzaweruza yekha.

Akuluakuluwo muwatengere kumanda komweko mmodzimmodzi, foni ikujambula mawu. Mukawatenga pagulu onse amangovomereza wa mawu aakulu uja. Ndipo ichi ndiye musachizengereze, miyala itha kudikira chaka china koma munthu wa zaka 85 amene akudziwa kuti pansi pa mtengo paja pagona ana awiri sitingamudalire kuti adikira.

Pa intaneti pali Find a Grave, yomwe inayamba mu 1995, komanso BillionGraves, masamba omwe anthu amaikapo zithunzi ndi maina a pamanda, koma gwirizanani kaye pabanja musanaike chilichonse poti ziliza zina zimatchula maina a anthu amoyo. Mapu ndi kope lija sindikizani pa pepala makope angapo mugawire nyumba zosiyanasiyana, mafoni amatayika. Mukatero kalambuleni, ndi manja pafupi ndi miyala, osayatsa moto.